Nyali Imene a Doncho Ankazimitsa

A Doncho Karaivanov anakonza mathirakitala ndi malole a pafamu ya boma kwa zaka makumi anayi, ndipo m'mudzi mwawo, kumtunda kwa tauni ya Vratsa, ankadziwika kuti injini amaipima ndi khutu. Galimoto ikamadutsa pamsewu iwo ali m'nyumba, ankatchula matenda ake asanaione. Koma pofika zaka makumi asanu ndi awiri khutu lakumanzere linali litatsekeka, lakumanja likutsatira, ngakhale eni akewo sankavomera.

Akazi awo, a Tsveta, impso zinasiya kugwira ntchito. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankayenera kukagona pa makina otsuka magazi kuchipatala cha m'tauni, mtunda wa makilomita makumi anayi, ndipo basi ya kumudziko inaleka kuyenda kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Bilyana, amene ankagwira ntchito yosamalira nkhalamba za eni ku Jeremani, anawagulira galimoto yogwirapo kale ntchito n'kubwera nayo yekha. Anawasiyiranso kachipangizo kakuda, kofanana ndi bokosi la machesi. Anawasonyeza pokabaya, pansi pa chiwongolero, ndi mmene foni imalembera nambala ya vuto limene kompyuta ya galimoto yapeza.

"Ndiye galimoto ya masiku ano imadandaula yokha ngati amayi ako?" anafunsa a Doncho.

"Koma iyo ikadandaula mudzaimvera," anayankha a Tsveta ali pakhonde, akusenda tsabola wootcha.

A Doncho kachipangizoko anakazolowera msanga, mwinanso kukakonda. Kanawathandiza kupeza koyilo yakufa yopereka moto ku injini, tsiku lina paipi ya mpweya yong'ambika, ndipo zonsezo anakonza okha m'shedi mwawo. Ankanyadira kuti galimotoyo sinapondepo kugalaja.

Mu Januwale nyali yachikasu yochenjeza za vuto la injini inayaka ali paulendo wobwerera kunyumba. A Tsveta anaiona, ndipo njira yonse anagwira chikwama chawo ndi manja awiri. Iwo ankaopa chinthu chimodzi chokha: kuphonya tsiku la kuchipatala. Atafika, a Doncho anabaya kachipangizo kaja. Foni inalemba kuti sensa yowerenga kazungulidwe ka injini ikumaduladula uthenga. Anatsegula boneti, natchera khutu labwinolo. Injini inkalira bwinobwino. Anazula pulagi ya waya wochokera ku sensayo, kuipukuta, kuibwezera, kenako anadina pa foni pofufutira vuto. Nyali inazima.

Patatha masiku anayi inayakanso. Anafufutanso.

A Stamen, oyandikana nawo nyumba, amene kale ankayendetsa lole ya mkaka, anawapeza m'shedi akudinadina foni. Atamva nkhaniyo anawauza kuti sensa zimenezi zimafa mwakachetechete, zimadikira injini itenthe n'kungoizimitsa, ndipo kunali bwino akaitanitse ina kusitolo ya zitsulo m'tauni. A Doncho anaseka. Anati munthu amene anaphwetsa magiyabokosi awiri a lole ya mkaka asamaphunzitse makaniko ntchito, ndipo injini yodwala iwo angaimve ngakhale ali m'tulo. A Stamen anati chabwino, bambo dokotala, n'kumapita.

Kunena zoona a Doncho anali ndi cholinga choisintha. Ankangoti kuzizira kuchepeko kaye, pakuti sensayo inali pansi, pofunika kugona chagada pasimenti. Pakadali pano, m'mawa uliwonse wa kuchipatala ankalawirira kushedi, ati kukatenthetsa galimoto, n'kuzimitsa nyaliyo akazi awo asanakwere.

Lachisanu lina mu Febuluwale kunagwa chipale chofewa chambiri. Ananyamuka bwino. Atakwera chitunda cha pakati pa nkhalango, pamene palibe nyumba ndipo foni sigwira, injini inangozima ngati wina waitseka pakamwa. A Doncho anapotokola kiyi. Sitata inkazungulira, injini osadzuka. Anabaya kachipangizo, ndipo foni inalemba nambala yomwe ija.

"Ndi chiyani, Doncho?"

"Kanthu kakang'ono. Izizire pang'ono, ilira."

Anavula jekete lawo n'kufunditsa akazi awo miyendo. Mkati mwa galimoto munazizira msanga, magalasi anachita nkhungu. A Doncho anaima pakati pa msewu ndi juzi yokha, kuyang'ana uku ndi uku. Panadutsa ola, kenako lina. Kawiri injini inadzuka, n'kuzimanso isanayende. A Tsveta sanawadzudzule. Anangopempha kuti alowe akhale pambali pawo, chifukwa kuima panja sikuitana galimoto, ndipo anagawana chitumbuwa cha tchizi chimene ananyamula kuti adye pobwerera.

Cha kumasana kunatulukira lole ya nkhuni, ndipo dalaivala wake anawatenga onse awiri. Kuchipatala anawalandira, magazi anatsukidwa ngakhale mochedwa. Koma Lamlungu a Tsveta anayamba kutsokomola, Lachiwiri anagonekedwa ndi chibayo, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chinayi chichitikire za pachitunda paja anatsirizika, dzuwa likuwala bwino pawindo la chipinda chawo. Dokotala anauza a Doncho kuti mtima wa mayiwo unali utatopa kale, ndipo chisanu cha chaka chimenecho chikanawavuta ndithu. A Doncho anagwedeza mutu, nathokoza.

Bilyana anafika maliro asanaikidwe. Anthu atabalalika, mbale za tirigu wophika wa pamaliro zitatsukidwa, bambo ake analowa m'shedi. A Stamen anali atakoka galimoto ija ndi thirakitala, ndipo pampando anasiyapo kabokosi ka sensa yatsopano. A Doncho anaika jeke, anayala katoni pasimenti, nalowa pansi ndi sipanala. Bawuti inali imodzi yokha. Ntchito yonse sinakwane mphindi makumi awiri. Injini inalira pa kupotokola koyamba.

Anakhalabe pachiwongolero injini ikulira mpaka Bilyana anabwera kudzawaitana kuti akadye. Iwo anamuuza kuti alowe akhale pampando winawo, ndipo anamupatsa foni. Inkasunga mbiri ya zonse: tsiku lililonse limene vutolo linaoneka, ndi tsiku lililonse limene linafufutidwa. Bilyana anawerenga ndi chala, kutsika pang'onopang'ono. Mizere inalipo khumi ndi umodzi.

"Munkadziwa, tate?"

"Kankandiuza. Ine ndinkati kakunama."

"Kuyambira Januwale?"

"Sindinkafuna kuti amayi ako aziona nyali ija. Ankaopa."

"Ndiye munkazimitsa nyali."

Bilyana sanakweze mawu. Anaika foni pa dashibodi, anatuluka, natseka chitseko bwinobwino. A Doncho anamuona akudutsa pabwalo, osalowa m'nyumba, koma kupitirira mpaka kumunda wa maplamu, kumene anakaima nthawi yaitali atafulatira. Iwo akanakonda mwana wawoyo akanawatukwana. Anazimitsa injini, napukuta sipanala, naibwezera pamsomali pake.

Masiku atatu amene anatsala kuti Bilyana abwerere ku Jeremani anakhala m'nyumba imodzi ngati alendo aulemu. Bilyana anachapa makatani, anagawa zovala za amayi ake kwa amayi a kutchalitchi, nalemba papepala nthawi zomwera mankhwala a bambo ake. A Doncho ankawaza nkhuni zimene zinali zowaza kale.

Tsiku lonyamuka anamuperekeza pagalimoto kukakwera basi ya ku Sofia, likulu la dzikolo. Galimotoyo inayenda bwino njira yonse. Pokwera chitunda cha pakati pa nkhalango Bilyana anafunsa ngati panali pamenepa, iwo anati eya, patsogolo pang'ono, pamene pali mtengo wakugwawo. Bilyana anayang'ana mpaka mtengowo unatsala m'mbuyo.

Pasiteshoni anatsitsa yekha chikwama chake. Anawakonza kolala ya jekete, imene inapindikira mkati, nawauza kuti akaonetse makutuwo kwa dokotala, ndipo adzawaimbira Lamlungu.

Anaimbadi Lamlungu limenelo, ndi Lamlungu lililonse pambuyo pake. Ankakamba za nyengo, za denga la khola, za bondo la a Stamen. Mawu a mwana wawo ankamveka patali kwambiri, ndipo nthawi zambiri a Doncho ankangoti eya, eya, asanamve chimene wanena.