Mtundu Umene Inabadwa Nawo

Nditamaliza ku yunivesite ndinabwerera kwathu ku Saginaw ndi digiri ya mbiri yakale, ndipo ntchito yokhayo imene inkandidikira inali m'galaja ya adadi. Anandipatsa sandipepa ndi kansalu kotseka mphuno.

"Paja unaphunzira zofukula zakale," anatero. "Fukula."

Chofukulacho chinali galimoto ya Plymouth ya 1970, yamphuno yaitali, injini yake yoti ikalira agalu a mumsewu wathu amakabisala kunsi kwa mabedi. Adadi anaigula kwa mlimi wina ili yakuda bii, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Chiyambire ndili kusekondale inali pa majeki, galimoto ya amayi ikugona panja m'chisanu.

Adadi, a Vern Kubiak, ndi munthu wa chiphunzitso chimodzi. Loweruka lililonse m'mawa azibambo a magalimoto akale amasonkhana pabwalo la sitolo ina imene inatsekedwa, maboneti ali yasa, khofi m'manja, ndipo adadi amalalikira pomwepo: galimoto ibwerere mmene inabadwira. Bawuti aliyense, nsalu ya pampando, makamaka penti. Kusintha mtundu wa galimoto, kwa iwo, n'chimodzimodzi kusintha dzina la mwana wa eni.

Wochimwa wamkulu mumpingo umenewu ndi amalume Lonnie, mlongo wa amayi. Yawo anaipenta yobiriwira, n'kujambulitsa malawi a moto m'mbali, n'kuiveka marimu onyezimira ngati mapoto atsopano. Adadi amaitcha keke ya ukwati. Akhala akuwanena pagulu zaka zonsezi, amalume akungoseka ndi donasi m'kamwa.

Tsiku limenelo ndinali m'buti, nditapinda miyendo, ndikupala pansi pa labala wa chitseko, malo oti sipanafike dzanja la munthu kwa zaka. Penti wakuda anachoka. Pansi pake panali wotuwa. Wotuwayo atachoka panatulukira kachigamba kangati chikhatho cha khanda, kowala, kopanda manyazi.

"Adadi, tabwerani."

"Dzimbiri?"

"Bola likanakhala dzimbiri."

Anasuzumira. Anavula magalasi, kuwapukuta pamalaya, kuwavalanso. Kachigambako sikanasinthe maganizo. Kanali kapinki, pinki wake wa chingamu.

"Wina anangotayira penti pamenepo," anatero adadi.

Anandilanda ntchito. Anakanganula kapeti: pinki. Anamasula chitseko cham'mbali n'kuyang'ana m'kati: pinki. Kenako anatenga makina opalira n'kuwakanikiza pathupi la galimoto ngati akufuna liulule. Linaulula. Fumbi litakhazikika anakhala pa ndowa yovundikira, maso ali pa zitini za penti wakuda zimene anazindandalika pashelefu kalekale.

"Tessa mwana wanga, waona zimenezi ndani?"

"Ine ndi inu. Ndi Mulungu."

"Mulungu sabwera kubwalo Loweruka."

Adadi anayang'ananso zitini zija.

"Tikaipenta yakuda, angadziwe ndani?"

"Palibe," ndinatero. "Kungoti mwana wa eni akhala ndi dzina lina."

Anandiyang'ana ngati akudandaula kuti ananditumiziranji kusukulu. Asanayankhe, panja panamveka kulira kwa injini kumene tonse timakudziwa. Sindinawaonepo adadi akuthamanga chotero. Anakoka lona n'kufunditsa galimoto yonse, n'kundiloza chala.

"Za m'buti usanene kanthu."

Amalume Lonnie analowa atanyamula bokosi la madonasi, mimba patsogolo.

"Alamu! Maliro akadalipo? Ndaona mtembo mwaufunditsa."

"Tikuteteza fumbi, alamu."

Amalume anaima. Anawayang'ana adadi nthawi yaitali, mutu atapendeketsa. Ndevu za adadi, zimene zinachita imvi ndisanabadwe, zinali zapinki. Nsidze zomwe. Ngakhale tsitsi la m'makutu.

"Alamu, mwapsompsona ndani? Ndikamuuze mlongo wanga?"

"Ndamwa mankhwala a m'mimba, apinki aja."

"Mwamwera ndi nsidze zomwe?"

Adadi anatenga donasi kuti pakamwa pakhale ndi zochita. Amalume anatembenukira kwa ine.

"Iwe wophunzirawe, sunama iwe. Kwagwanji muno?"

"Sindingayankhe, amalume. Andiuza kuti za m'buti ndisanene kanthu."

Donasi anawatsamwa adadi.

Amalume anaika bokosi pansi, n'kupukuta zala pa thalauza, n'kukweza lona pang'onopang'ono ngati wachibale wofika mochedwa amene akufuna kuona nkhope. Anayang'ana m'buti. Anayang'ana m'mbali mmene adadi anapala. Ine ndinkadikira chiseko choti chimveke mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo adadi anali atauma kale khosi kuchidikira.

Sanaseke. Anabweza lona bwinobwino, n'kuika dzanja paphewa la adadi, n'kutsitsa mawu.

"Pentani yakuda, alamu. Ine sindiuza munthu."

Adadi anawayang'ana mokayika.

"Zoona. Tonse timachimwa. Ineyo ndinayamba choncho, kamtundu chabe. Mawa lake marimu. Loweruka muziimika pafupi ndi yanga, ife osintha mitundu tizikhala mbali imodzi. Mukafuna malawi a moto, mnyamata wake ndikumudziwa."

Anawasisita paphewa kawiri, n'kutenga donasi mmodzi wapaulendo, n'kutuluka akuimba mluzu.

Adadi akanapirira kusekedwa. Anakulira m'fakitale, khungu lawo ndi lolimba. Koma kukhululukidwa ndi amalume Lonnie, Loweruka lililonse, mpaka imfa, anaona kuti sangakwanitse. Mawa lake anakweza zitini zakuda zija m'galimoto ya amayi n'kukazibweza.

Pachakudya chamadzulo anayesa kufunafuna wowamvera chisoni.

"Darlene, ukudziwa kuti anthu adzandiloza zala tauni yonse ino?"

"Inu Vern," anatero amayi akudula soseji, "olo muipente mawangamawanga, bola ituluke. Ndatopa kupala chisanu pagalasi ndi chipande."

Tinaipenta chisanu chitatha. Kunena zoona adadi sanachite chinyengo. Anafufuza pinki weniweni wa chaka chimenecho, n'kukana zitini zoyamba ati zafiirira, n'kupopera okha, mosamala, nkhope ili ngati ya munthu amene akudzikumbira manda koma akufuna makona awongoke. Itauma inkawala moti khoma la galaja linasanduka lapinki.

Loweruka m'mawa anandiponyera makiyi.

"Bondo likundivuta. Yendetsa."

Anakhala mbali inayo, kapu ataitsitsira pamphuno, atatsetsereka pampando mpaka kungotsala chipewacho. Pamaloboti kamtsikana kena kali m'galimoto ya amayi ake kanakuwa, "Amayi, taonani ya mfumukazi!" Chipewa chinatsikanso.

Titayandikira bwalo ndinaona maboneti ali yasa monga mwa nthawi zonse, ndi azibambo onse amene adadi anawalalikirapo. Amalume Lonnie anali kutsogolo, atasunga malo opanda kanthu pambali pa keke yawo.

"Ima," anatero adadi.

Ndinaima.

"Tibwerere?" ndinafunsa.

Injini inkagunda pansi pathu. Adadi anayang'ana malo osungidwa aja, n'kuyang'ana boneti lalitali lapinki kutsogolo kwawo.

"Tsika."

Tinasinthana mipando pakati pamsewu, a kumbuyo akuliza mahutala. Anakweza kapu, n'kutsitsa galasi, n'kutulutsa chigongono panja. Anaponda mafuta kamodzi, mitu yonse pabwalo n'kutembenuka, khofi wa munthu wina n'kutayikira pansapato.

"Ukaseka," anatero osandiyang'ana, "ubwerera wapansi."

Tinalowa pang'onopang'ono. Malo a amalume tinawadutsa osacheuka, n'kukaima pakati penipeni pa bwalo. Ndinapirira mpaka pamene adadi anatsika, n'kuwongola lamba, n'kufunsa gulu lonse ngati pali amene ali ndi funso.

Ndinabwerera wapansi.