Simbi Yamagetsi M'nyumba Yopanda Magetsi

Ntchito ya a Kolala inatha Lachisanu masana, popanda ndewu kapena mawu oipa. Bwana wawo, mwini malo ochapira ndi kusitira zovala, anawaitanira mu ofesi n'kuwapatsa mpando. Wantchito akapatsidwa mpando mu ofesi ya bwana, adziwiretu kuti zinthu sizili bwino.

"Madala, ndagula makina," anatero bwanayo, maso ali patebulo. "Makinawa amasita okha. Sindingathe kusunga makina ndi anthu omwe."

Anawapatsa malipiro a mwezi umenewo. Kenako anawerama n'kutulutsa simbi yaikulu yamagetsi, yomwe a Kolala anakalamba nayo m'manja. "Iyi tengani, muzitikumbukira."

A Kolala anailandira ndi manja awiri, nathokoza kawiri konse. Dzina lakuti Kolala anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa kolala ya malaya ikadutsa m'manja mwawo inkaima njo mpaka madzulo. Analowa ntchitoyo tsitsi lili bii, ndipo anaituluka ali ndi imvi, atakumbatira simbi. Atafika kwawo m'pamene anakumbukira kuti m'chipinda chawo cha lendi mulibe magetsi. Simbiyo anaikankhira kunsi kwa bedi.

Masiku otsatira anali aatali. Thupi silidziwa kuti ntchito yatha, choncho ankadzukabe m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala, kenako n'kukhala pabedi. Panja anthu ankadutsa mothamanga, aliyense ndi kopita. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo m'chipindamo munalibe wina woti n'kumuuza kuti kunja kwacha bwino. Ankapanga tiyi wa kapu imodzi, kutsuka kapuyo, n'kukhalanso pabedi. Anali wosungulumwa kwambiri.

Mwana wawo wamkazi, yemwe anakwatiwa kutali, ankaimba foni Lamlungu lililonse.

"Kuntchito kuli bwanji, bambo?"

"Kuli bwino, mwanawe. Zovala zikuchuluka."

Sanafune kumuuza zoona. Ankadziwa kuti akamva adzati, "Bwerani kuno," ndipo kumeneko malo awo akanakhala pabalaza pa mkamwini, kudikira kuti onse akagone kuti ayale mphasa. Chipinda chawochi chinali chaching'ono, koma kiyi wake anali m'thumba mwawo. Vuto linali lakuti mwini nyumba anali atabwera kale kudzanena kuti lendi ikapanda kuoneka, pali wina amene akuchifuna.

Khomo loyandikana ndi lawo linali la amake mapasa, mayi wogulitsa zovala za kaunjika, amene maso awo sankaphonya kanthu. Tsiku lina anawapeza a Kolala atakhala pakhonde dzuwa lili pamutu.

"A Kolala, tchuthi chake chiti chosathachi? Kapena mwakwezedwa, mukusita muli kunyumba?"

A Kolala anayesa kuseka, koma kusekako kunakana. Anafotokoza zonse, za mpando, za makina ndi za simbi.

"Nanga ndalama zolekera ntchito?" anafunsa mayiwo. "Zija amati sevalansi?"

"Anandipatsa za mweziwo."

"Za mweziwo munazigwirira ntchito, n'zanu kale. Ine ndikunena za zaka zonse zija. Fakitale yathu yosoka itatsekedwa, tinapita ku ofesi ya zantchito ndipo tinalandira. Mukuganiza kuti kaunjikayu ndinayamba ndi chiyani? Mawa tipite."

A Kolala anapukusa mutu. "Mayi, inu simukudziwa. Mkazi wanga atamwalira, ndani anapereka galimoto? Ndani anagula bokosi? Bwana yemweyo, ndipo anakhala nafe mpaka kumanda. Lero ndikamusumire? Anthu adzati Kolala ndi wosayamika."

"Galimotoyo anakuuzani kuti ndi ngongole?"

"Ayi, anangothandiza."

"Ndiye inu mukubweza chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, a Kolala. Ine ndingokuperekezani, koma kulankhula mukalankhula nokha."

Nkhaniyo a Kolala anagona nayo masiku angapo. Chimene chinawadzutsa ndi mwini nyumba, amene anabwera ndi munthu wachilendo kudzamuonetsa chipindacho iwo ali momwemo. Mlendoyo anayeza ndi maso pamene angaike kabati yake. Atachoka, a Kolala anakagogoda kwa amake mapasa.

Ku ofesi ya zantchito anakhala pabenchi lalitali, pakati pa mlonda ndi mtsikana wantchito zapakhomo. A Kolala anadabwa kuona kuti anthu a vuto ngati lawo ndi ambiri chonchi. Nthawi yawo itakwana, analandiridwa ndi mayi wina wamagalasi, mkulu woona madandaulo a antchito.

"Ndisananene kanthu, mayi," anayamba a Kolala, chipewa chili m'manja, "sindikufuna kuti bwana wanga amangidwe. Ndi munthu wabwino."

Mkuluyo anamwetulira. "Kuno sitimanga anthu, bambo. Timaitana mbali zonse, tikhale pansi. Munalakwa kanthu kuntchito?"

"Ayi. Anagula makina."

"Anakuuziranitu kuti ntchito idzatha?"

"Tsiku lomwelo."

"Tchuthi munkapita?"

"Mwa apo ndi apo. Zovala sizidikira munthu."

Mkuluyo analemba, kenako anafotokoza pang'onopang'ono. Anati munthu amene wagwira ntchito nthawi yaitali, ntchito n'kutha osati chifukwa cha kulakwa kwake, lamulo limamupatsa ndalama zolekera ntchito molingana ndi zaka zimene wagwira. Ngati sanapatsidwe notisi, ayenera kulandira malipiro m'malo mwa notisiyo. Masiku a tchuthi amene sanapite nawonso amalipiridwa, ndipo ali ndi ufulu wolandira kalata yosonyeza kuti anagwira ntchito kumeneko.

"Koma simbi ndinalandira kale," anatero a Kolala motsitsa mawu. "Ndinathokozanso."

"Kuthokoza mphatso si kusaina kuti mwataya ufulu wanu. Za maliro zija zinali chifundo chawo, ndipo muzidzawathokozabe. Izi n'zina, ndi thukuta lanu. Mwachita bwino kubwera msanga, chifukwa madandaulo otere ali ndi nthawi yake."

Tsiku lokumana litafika, a Kolala anafika m'mawa mtima uli m'mwamba. Bwana atalowa, iwo anaimirira mwachizolowezi n'kufuna kuwalandira chikwama. Mkulu uja anawauza kuti akhale pansi, lero onse ndi alendo ake.

Bwanayo anamvetsera nkhope itagwa. Poyamba anadandaula kuti makina anamudyera ndalama zambiri. Mkuluyo anamuonetsa zimene lamulo likunena, namuuza kuti mtengo wa makina sungachotsedwe pa zaka za munthu. Bwanayo anatembenukira kwa a Kolala.

"Madala, bwanji simunabwere kwa ine?"

"Ndinafikapo pageti, bwana. Koma ndikakumbukira za maliro aja, pakamwa pankauma."

Bwanayo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Zija sindinachite kuti ndikutsekeni pakamwa," anatero. Anavomera kulipira zonse, ndipo anasainirana pamaso pa mkuluyo za tsiku loperekera ndalamazo.

Ndalamazo zitabwera, a Kolala anayamba ndi mwini nyumba. Zotsala anagulira tebulo ndi simbi yamakala, n'kuyamba kusita pakhonde. Makasitomala oyamba anali amake mapasa, amene anazindikira kuti kaunjika wosita amagulidwa msanga.

Lamlungu foni inalira.

"Kuntchito kuli bwanji, bambo?"

"Ntchito ija inatha, mwanawe. Inatha kalekale."

Mwanayo anayamba kulira. "Nthawi yonseyi muli nokha ndi nkhani imeneyi? Longedzani, mubwere kuno."

"Ndibwera," anatero a Kolala. "Koma ndibwera kudzacheza, kudzaona adzukulu anga. Ndikatopa, ndidzabwerera kwathu."

Ntchito ikatha, musangonyamula chipewa n'kumapita. Funsani za ndalama zolekera ntchito, za notisi, za masiku a tchuthi ndi za kalata yanu. Musasaine chimene simunachimvetse, ndipo ngati zakuvutani, pitani msanga ku ofesi ya zantchito kapena ku bungwe la antchito. Bwana angakhale wabwino chotani, kufunsa zimene lamulo likukupatsani si mwano ndipo si kusayamika.