Masoseji Aulere a kwa Steinholt

Kalata ya anthu oyeza madzi inafika Lachiwiri, ndipo sinachulutse mawu: madzi a pachitsime chathu asamwedwenso, makamaka ndi mayi woyembekezera kapena khanda. Mwana wanga Tessa anali ndi pakati pa miyezi inayi. Iye ndi mwamuna wake ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwathu, ndipo tonse tinkamwa chitsime chimodzi.

"Amayi, ine sindingalere mwana ndi madzi a m'mabotolo," anatero Tessa. "Zikapanda kusintha, tisamukira kwa apongozi kumzinda."

Kumzindako ndi ulendo wa maola asanu ndi limodzi pagalimoto. Ine ndinali nditapenta kale chipinda cha mdzukulu.

Gwero la vutoli aliyense m'tauni yathu ya Birchford ankalidziwa, kungoti palibe ankafuna kulitchula. Kampani ya masoseji ya Steinholt inkathira madzi onyansa a kufakitale ndi ndowe za kumakola ake m'minda ya kumtunda kwathu. Kunyumba ya malamulo ya chigawo chathu kunabwerapo bilu yoti makampani otere aziyeza ndi kukonza zitsime za anthu oyandikana nawo. Phungu wathu, bambo Dale Hovland, anaikhalira biluyo mpaka inafa. Chikhalirecho anapambananso chisankho, chifukwa nkhope yake inkaoneka pawailesi ya kanema kuposa ya mtsikana wolosera zanyengo.

Ine Loretta sindichedwa kupsa mtima, ndipo sindibisa. Tsiku lomwe kalata ija inafika ndinatulutsa masoseji onse a Steinholt mufiriji n'kuwataya m'bini. Kugolosale ndinalalatira mayi wa pakauntala ngati ndiye mwini fakitale. Koma kuno kumpoto kwa America munthu amatha kujomba kutchalitchi, osati kujomba kuwotcha soseji Loweruka. Choncho ndinayamba kugula amtundu wina, a paketi yojambulidwa gogo womwetulira ataima pafupi ndi khola lofiira. Dzina lake linali Khola la Agogo Hilda. Anali odula, koma ndinkatafuna monyadira.

Patapita miyezi iwiri, kunabwera mnansi wanga, Mayi Wanda Pietrowski, kudzabweza mbale yanga. Mayiwa anakhala mlembi wa tauni zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo zisankho zonse za kuno ankayendetsa ndi iwo. Anaona paketi ija patebulo.

"Loretta, paja ukuti wanyanyala?"

"Miyezi iwiri tsopano, mayi. Khobidi langa a Steinholt salionanso."

"Tavala magalasi ako. Werenga timalemba ta kumbuyoko, pansi penipeni."

Ndinawerenga. Agogo Hilda anali a Steinholt omwewo, atangovala duku. Miyezi iwiri yonseyo ndinkawalipira ndalama zambiri kuposa kale, n'kumadzitcha wolimba mtima. Manyazi anandigwira, kenaka mkwiyo, ndipo ndinaponya paketiyo kukhoma.

"Tola, ndi chakudya chimenecho," anatero Mayi Pietrowski. "Tsono ndikufunse. Nditi unanyanyaladi bwinobwino. A Steinholt unawauza?"

"Adziwe okha."

"Adziwa bwanji? Malonda akatsika pang'ono iwo amati ndi mvula. Kukwiya uli chete kukhitchini kwako n'chimodzimodzi kunyanyalira mwamuna amene ali mtulo. Nanga ukufuna achite chiyani kuti uyambirenso kugula?"

Ine ndinkangofuna kuti amve kuwawa.

Anakoka mpando n'kundifotokozera. Munthu akapereka ndalama kwa wopikisana pa chisankho, pamakhala malire ndipo dzina lake limalembedwa poti aliyense angaone. Koma m'chigawo chathu akazipereka ku gulu lapadera, malire panalibe, ndipo dzina linkabisika. Mauthenga onse otamanda Hovland pakanema ankalipiridwa ndi gulu lotchedwa Mabanja Okonda Birchford.

"Unakumanapo nalo banja limodzi la gulu limeneli?" anandifunsa. "Ine ndinabadwira kuno, sindinalionepo. Ali ndi kabokosi ka kupositi basi, ndipo amene amatsekula ndi loya wa Steinholt."

"Ndiye ndi iwowo! Tiwayalutse!"

"Ugwire mtima. Tikuwaganizira, koma umboni tilibe, ndipo usalembe chinthu chimene sungachiikire umboni. Pempho lathu likhale limodzi: ndalama zimene amaponya m'ndale zikhale poyera. Chitsime chako sichinaipire kumunda kokha ayi. Chinaipira kumene anagula phungu wako."

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Langa linatsinidwa mpaka kutentha.

Tinayamba ndi mabanja asanu ndi anayi a zitsime zoipa. Tinalemba mayina onse amene kampaniyo imagulitsira katundu wake, ndipo analipo asanu ndi awiri, mpaka la chakudya cha agalu. Tinalembera kampani kalata yaulemu, yosainidwa ndi mayina athu enieni, yonena chimene tikufuna ndi tsiku limene tidzabwerere kudzagula akachichita. Banja lililonse linkatumiza kukampaniko malisiti a nyama imene lagula kwina. Ine ndinapita kukapepesa mayi wa pakauntala uja. Anangoti, "Nanenso ndimamwa chitsime," ndipo anasaina kalatayo.

Kampani sinayankhe. Vuto lenileni linali m'nyumba mwanga momwe.

Mwamuna wanga Gordy ndi mmodzi wa ozimitsa moto odzipereka a m'tauni muno. Mwezi wa Juni chaka chilichonse amawotcha masoseji pabwalo la golosale n'kumagulitsa, kuti apeze ndalama zogulira zipangizo. Tauni yonse imabwera. Masoseji ake ankapereka ulere ndi a Steinholt, pamodzi ndi chinsalu chachikulu cholembedwa dzina lawo. Mkulu wa zowotchazo chaka chimenecho anali Gordy.

"Chaka chino muwabweze," ndinamuuza tikudya.

"Wapenga eti? Ukudziwa mtengo wa chisoti chimodzi cha ozimitsa moto? Nyumba yako ikamapsa udzazimitsa ndi malisiti akowo?"

"Udzazimitsa ndi madzi a pachitsime, poti ntchito ina alibe."

"Loretta, anthu aja amatithandiza. Jezi za timu ya sukulu ndi iwo. Denga la holo ya parishi ndi iwo."

"Eya, ndi iwo. N'chifukwa chake tauni yonse ili ziii ngati kumanda. Anatitseka pakamwa ndi soseji, Gordy. Iwe mwana wako akulongedza katundu kuseriku, ukuwerenga zisoti?"

Anadzuka n'kupita kugalaja, ndipo kwa masiku atatu tinkangolankhulana za mchere ndi makiyi. Tsiku lachinayi ndinamuona akuthandiza Tessa kunyamula kabedi ka khanda kamene anapala yekha, kukalowetsa m'bokosi. Atabwera m'nyumba anangoti, "Nambala ya butchala wa ku Ostrander amene ukugulako nyama uja uli nayo?"

Kumsonkhano wa ozimitsa moto, ganizo la Gordy lokana masoseji aulere linapambana ndi voti imodzi yokha. Anzake awiri amene ankasaka nawo agwape kuyambira ali anyamata anasiya kumuyankhula, ndipo mmodzi sanayambirenso mpaka lero.

Tsiku lowotcha litafika, pamalo pa chinsalu cha Steinholt panali chikwangwani cholemba pamanja: "Masoseji awa tagula tokha. Aulere tidzalandira tikadziwa amene akulipira mauthenga a phungu wathu." Ena anawerenga n'kubwerera m'galimoto zawo. Bambo wina wogwira ntchito kufakitale anandiloza chala.

"Ana anga mudzawadyetsa ndinu, mayi?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa linali loona. Mayi Pietrowski ndi amene anayankha. "Sitikufuna fakitale itsekedwe, bambo. Mawa akaulula, mkuja ine ndikhala woyamba pamzere wogula. Amene akuika ntchito yanu pachiswe ndi amene akusankha chinsinsi m'malo mwa makasitomala."

Ndalama za tsikulo zinakwana theka la zimene ankapeza zaka zina. Koma mtolankhani wa nyuzipepala ya m'boma lathu anajambula chikwangwanicho. Ozimitsa moto kukana zaulere inali nkhani yoti palibe anaimvapo. Sabata yotsatira amayi a parishi anabweza masoseji awo aulere. Kenaka makolo a timu ya sukulu, kenaka ozimitsa moto a matauni ena anayi.

Zonsezi zinachedwa kwa ine. Mu Julayi Tessa anasamuka. Ndinaima pamsewu mpaka lole itakhota, ndipo ndinalira mokweza, osasamala za anthu. Mdzukulu wanga Ingrid anabadwira kutali, ndipo ndinayamba kumuona pafoni ngati mwana wa eni.

Ndinafuna kusiya. Mayi Pietrowski anandikweza basi ya kulikulu la chigawo, kumene komiti ya aphungu inkamva maganizo a anthu pa bilu yokakamiza magulu kuulula owapatsa ndalama. Aliyense ankapatsidwa mphindi ziwiri. Ine ndinaika botolo la madzi a pachitsime changa patebulo lawo n'kunena kuti, "Ndikufuna kudziwa dzina la amene analipira kuti madziwa akhale chonchi." Palibe phungu anapempha kulawa.

Khirisimasi itayandikira, nyengo imene amagulitsa nyama kwambiri, a Steinholt analengeza kuti aziulula ndalama zonse zimene amapereka pa ndale ndipo asiya kupereka ku magulu obisa mayina. Pamndandanda wawo woyamba, Mabanja Okonda Birchford anali pamwamba. Sanapepese. Anati achita zimenezi chifukwa amakonda chilungamo kuyambira kale, ndipo ndinatsala pang'ono kutsamwa ndi khofi. Komabe tinasunga lonjezo: m'mawa mwake Mayi Pietrowski anali oyamba pamzere, ine wachiwiri, ndi paketi ya Agogo Hilda m'manja.

Chaka chotsatira bilu youlula ija inadutsa, ngakhale anaidula apa ndi apo. Hovland, atasowa womugulira nthawi pakanema, anagwa pa chisankho ndi mavoti ochepa. Lamulo la zitsime linabwera pambuyo pake, ndipo kampani inatiikira makina osefera madzi.

Phunziro langa ndi ili, ndipo ndalilipira modula. Ukafuna kunyanyala katundu wa kampani, dziwa mayina onse amene imagulitsira. Auze eni ake polemba chimene ukufuna, chikhale chomveka ndiponso chotheka. Usachite wekha, usazunze wogulitsa pakauntala, ndipo usanene zimene ulibe nazo umboni. Kenaka pita kumene amapanga malamulo, chifukwa kunyanyala kumagwedeza kampani imodzi koma lamulo limagwira onse. Koposa zonse, yamba msanga. Ife tinadya zaulere zaka makumi awiri osafunsa mtengo wake.

Ingrid anabwera kudzacheza ali ndi zaka zitatu. Kanyumba ka kuseri tinali titaikamo alendi. Mwanayo anakwera pampando kukhitchini n'kuloza mpope, akuti ali ndi ludzu. Tessa anamugwira dzanja msanga n'kundiyang'ana.

"Amwe, amayi?"

"Amwe," ndinatero, ndipo ndinamutungira ndekha.

Anamwa kapu yonse, napukuta pakamwa ndi mkono. Kenaka anayang'ana amayi ake n'kufunsa kuti abwerera liti kwawo.