Mawaya Pansi pa Mchenga

Mwanaisha anatula ndowa m'mphepete mwa bwalo n'kuyamba kufunafuna timitengo take. Panalibe n'kamodzi komwe. Bwalo lonse linali losesedwa bwino, pamwamba atathirapo mchenga watsopano wakunyanja.

Iye anali mmodzi mwa amayi otungira madzi amisiri amene ankamanga nyumba yosungiramo mpunga kufupi ndi mtsinje wa Bua. Makina osakanizira simenti ankayendera magetsi a jenereta, ndipo mawaya ake ankangokwawa pansi kudutsa pabwalopo. Mawaya akenso! Zidutswa zolumikizalumikiza, polumikizirapo atakulunga ndi chubu chakutha cha njinga. Adamu woumba njerwa atapondapo ndi phazi lonyowa anaponyedwa uko, mkono n'kufota mpaka lero. Kapitawo anati ndi matenda akugwa. Akugwa chiyani, munthu wafika pomera imvi osagwapo! Kuyambira tsiku limenelo Mwanaisha ankazika kamtengo polumikizira paliponse kuti anzake azilambalala.

"Mayi Mwanaisha, mwaimiranji?" Anali a Sailesi, tcheyamani wa chipani m'deralo. "Wazani madziwo. Alendo ochokera kulikulu afika posachedwapa kudzaona chitukukochi, fumbi lisawadetsere suti amayi akamavina."

"Timitengo tanga tija, bambo?"

"Zinyalala zija? Tazula. Mawaya takwirira. Mukufuna alendo aone zigamba, atiseke?"

"Nanga jenereta bwanji ikulira?"

"Chokuzira mawu chiyendera chiyani, mate anu? Wazani!"

Mwanaisha anacheukira pansi pa mtengo wa mango pomwe amayi ovina anasonkhana, onse opanda nsapato. Pakati pawo panali Rukia, mwana wake, mimba ili patsogolo. Anyamata a tcheyamani anachita kukamutenga kunyumba, ati woyembekezera naye ali ndi miyendo.

Mantha anamugwira, tisanamizane. Kalipentala wina anangodandaulapo kuti makwerero ndi ovunda, anatchedwa woukira, galimoto n'kumutenga, ndipo mkazi wake akadayang'anabe kumsewu. Mwanaisha anali ndi ana ena aang'ono kunyumba. Akanatha kuwaza, n'kukanong'oneza Rukia kuti azivinira kumbali. Nanga ovina enawo, a Sofiya? Nanga a Jenifa, amene akayamba kuvina sayang'ana pansi? Ana a eni ake apse chifukwa cha suti? Mkwiyo unakula, mantha aja n'kusowa pokhala.

Malo a chigamba chachikulu ankawadziwa ngati pakhomo pake: pakati pa khomo la nyumbayo ndi mtengo wa mango. Anaima patali, ananyamula ndowa, n'kukhuthula madzi onse pomwepo, khwaa!

"Ndawaza, bambo," anatero mokweza, kuti ndi amayi omwe amve. "Tsopano vulani nsapato, mutiyambire ndinu. Mupondepo apo."

Ng'oma zimene ankaziyesa zinaleka. A Sailesi anaseka pang'ono, koma palibe anawathandiza kuseka.

"Mwapenga kodi, mayi inu?"

"Ndapenga, inde. Wallahi, mukapondapo ndi phazi lanu, ine ndivina pomwepo mpaka dzuwa kulowa. Si mwati palibe kanthu? Vulani."

A Sailesi anayang'ana mchenga wonyowawo, kenako nsapato zawo zakuda zamphira kunsi. Sanawerame. Sanayandikire n'komwe, koma kubwerera m'mbuyo pang'ono pamene madzi anayamba kuyenderera kulunjika kwa iwo. Aliyense anaona. Ankadziwa, munthu ameneyu! Ankadziwa bwinobwino, n'kumaitanirapo ana a anzake.

A Jenifa ndiwo anayamba kukhala pansi. Kenako a Sofiya, kenako onse, miyendo atapinda, mapazi atabisa m'nsalu.

"Zimitsani jeneretayo!" anakalipa a Sailesi. "Amayi akavinire kumsewu. Ndipo uyu mugwireni, wanyoza chipani."

Mwanaisha sanalimbane nawo anyamata a tcheyamani aja. Anangopempha kuti ndowa yake wina akaipereke kunyumba. Pamene galimoto inkamutenga, ya alendo inali ikufika, ndipo ng'oma zinayambiranso. Anasuzumira kumbuyo. Fumbi linali koboo msewu wonse, likugwera suti za alendo, ndipo m'kati mwa fumbilo anaona Rukia akulira uku akuvina, mapazi ake akuponda dothi louma.