Mizere Zikwi Makumi Anayi

Pulogalamu yolembera odwala pachipatala china inkatenga mphindi zitatu kuti itsegule dzina limodzi. Nesi wamkulu anali ataimba foni kale kawiri: mzere wa anthu wafika kunja, amayi ena angokhala pansi ndi ana kumsana.

Mu ofesi ya makompyuta munali anthu awiri. Wamkulu anali Madala, amene anayamba ntchitoyi tsitsi lisanathothoke. Wosamala pulogalamuyo anali mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti Achemwali.

"Tingoilembanso yonse," anatero Madala. "Nsanza sasoka kawiri."

"Mundipatse mpaka masana."

Achemwali anatsegula sikirini yakuda yolembapo malamulo, n'kuyambitsa chida choyezera pomwe pulogalamu ikutaya nthawi. Chidacho chimaonetsa unyolo wonse: kagawo aka kaitana ako, ako kaitana kena, mpaka pansi. Atangodina, mizere inakhuthuka zikwi makumi anayi.

Madala anaseka. "Mudzamaliza kuwerenga muli ndi zidzukulu."

Achemwali anawonjezera mawu pa lamulo lija kuti chidacho chitsike masitepe asanu okha. Mizere inachepa, koma inali yapamwamba yokhayokha, yosaulula kanthu. Anaika khumi ndi asanu, chimulu chija n'kubwereranso.

Anavula nsapato kunsi kwa tebulo, n'kukokera mpando pafupi. Ulendo uno analamula kuti tizigawo tonse todya nthawi yochepa tibisike, ndipo unyolowo uyambire pansi kukwera m'mwamba.

Panatsala mizere khumi ndi umodzi. Wapamwamba unali kagawo kowerenga fayilo ya mayina a mankhwala. Kankaiwerenga yonse mobwereza pa mzere uliwonse wa mbiri ya wodwala.

Madala anasuzumira paphewa pake. "Wolemba zimenezi anali ndani?"

"Ndine, chaka changa choyamba. Nthawi imeneyo mankhwala analipo makumi atatu okha."

"Nanga anakuvomerezani ndani?"

"Inuyo, bwana."

Madala anatsokomola, n'kupita kukatsegula windo lomwe linali lotsegula kale.

Achemwali anakonza kuti fayiloyo iziwerengedwa kamodzi basi. Anayesa mayina asanu, onse anatseguka asanachotse chala pa kiyibodi. Anatumiza kusinthako kuchipatala, n'kuyambitsanso chida chija.

"Si mwatha nanga? Tiyeni tikadye."

"Tsogolani," anatero akuloza mzere wachiwiri ndi cholembera. "Aka nakonso sindikukamvetsa."