Sabata Imene Eliness Anatseka Pakamwa

Mkazi wanga Eliness ndi munthu wabwino, koma nkhani m'kamwa mwake sigona. Takhala limodzi zaka zoposa makumi awiri muno mu Ingezi, ku Kadoma, ndipo sindinagulepo nyuzipepala. Mwana wa uje akatenga mimba, mwamuna wa uje akachotsedwa ntchito kumgodi, ine ndimamva ndisanasukusule n'komwe.

Chimene ankalakalaka chinali malo akeake kutchalitchi kwawo kwa Katolika. Anayamba ndi kwaya, koma anamuchotsa chifukwa ankamalizitsa nkhani nyimbo ili m'kati. Analowa gulu loyendera odwala, ndipo patangotha sabata parishi yonse inkadziwa matenda a aliyense ndi mapiritsi ake omwe. Kenako anafunsira malo m'bungwe la amayi a Anna Woyera, mpaka anasoketseratu yunifomu. Wapampando wake, Mai Rose, anamuuza kuti ayambe wadikira. Kudikirako kunatha zaka zinayi, yunifomu ili m'sutikesi.

Ine ndinkaseka, koma mwiniwake zinkamupweteka. Tsiku lina akutsuka mbale anandifunsa, ponditchula ndi dzina la mwana wathu monga amachitira kuno, "Baba Tapuwa, Mulungu anandilengeranji ine? Aliyense ali ndi pake. Ine anangondipatsa pakamwa n'kuiwala kundiuza ntchito yake." Chisoni chinandigwira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri lina m'mawa, wansembe wa parishi yawo, Fata Tichaona, anaimika galimoto pakhomo pathu. Nkhani yake inali ya Sekuru Luciano, bambo ake a Mai Rose omwewo, amene ankakhala kwa mwana wawo wamwamuna ku Chegutu. Nkhalambayi inachoka ku Dedza ili mnyamata, n'kuthera mphamvu zonse m'migodi ya kuno. Tsopano sitiroko inali itawagwetsa, ndipo Chishona chonse chinali chitawathawa m'mutu. Anatsala ndi Chichewa cha kwawo chokha, ndi zotukwana zingapo za Chilapalapa cha kumgodi. Ankafuna kulapa, koma Fata Chichewa sachidziwa. Ana awo amamva "bwera kuno" ndi "madzi" basi, komanso ndani angalape kudzera m'kamwa mwa mwana wake?

Fata anafotokoza m'Chishona kuti Mpingo umalola womasulira pa kulapa, koma womasulirayo amamangidwa ndi chinsinsi mpaka kumanda. Sauza mwamuna wake, sauza mnzake, sauza ngakhale pilo.

Ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Fata, mwasokera nyumba."

"Ndafufuza konse, a Clement," anatero. "Akatolika odziwa Chichewa chenicheni ndapeza atatu. Mmodzi ndi wogontha, wina ndi wodwalayo."

Ine sanandiwerengere chifukwa ndine wa Chipresibateria. Eliyesi wanga, monga ndimamutchulira ndikafuna kumuseka, analeredwa ndi bambo amene sankalola mawu a Chishona kulowa m'nyumba, choncho Chichewa chake n'chosasungunula. Anangopita kukavala chitenje chake cha Lamulungu.

Ndinawaperekeza ku Chegutu. M'njira monse Eliness ankatiuza za eni mashopu onse amene tinkadutsa, ndipo ndinaona Fata akuyamba kuchita thukuta. Titafika, iwo awiri analowa m'chipinda cha wodwala n'kutseka chitseko. Ine ndinakhala panja ndi achibale pansi pa mtengo wa gwafa, kudikira pafupifupi ola lathunthu.

Potuluka, maso a Eliness anali ofiira. Pobwerera sanayankhule kanthu kuchokera ku Chegutu mpaka ku Kadoma, moti ndinazindikira koyamba kuti galimoto ya Fata ili ndi kaphokoso kumbuyo.

Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munali ngati mwafa munthu. Ankaopa kuti akayamba nkhani iliyonse, ngakhale ya mtengo wa tomato, lilime limutsetserekera kwina. Ndiye anangotseka zonse. Ankatakasa sadza, nsima ya kuno, ataluma nsonga ya chitenje. Amayi oyandikana nafe anabwera kudzandifunsa ngati ndamumenya. Ine ndemwe, ndivomere tchimo langa, ndinamuyesa. "Ungondiuza chilembo choyamba chokha," ndinatero. Anandiyang'ana ngati ndine Satana wa m'chipululu.

Sekuru Luciano anamwalira Lachisanu. Maliro atatha, Mai Rose anabwera kwathu masana, atavala zakuda, n'kukhala pampando osafuna ngakhale madzi. Kuyambira kale kunali manong'onong'o akuti bambo awo anasiya mkazi ndi mwana ku Dedza.

"Vakati chii baba?" anafunsa m'Chishona. Kenako anayesa Chichewa chawo chothyokathyoka. "Ananena chiyani, Mai Tapuwa? Ndili ndi m'bale kumeneko? Ine ananditchula? Ndiuzeni basi, Sondo ino muvala yunifomu. Ndikuvekani ndi manja angawa."

Sanabwere mwachipongwe ayi. Anali mwana wamasiye wofuna mawu otsiriza a bambo ake, ndipo misozi inali m'masaya. Ndinayang'ana mkazi wanga.  Pakamwa panatseguka, ine mtima unangoti phwii.

"Mai Rose," anatero, "bambo anu anapita atalandira masakramenti. Zinazo si zanga."

"Inu? Inu amene munauza Ingezi yonse za opaleshoni yanga?"

"Ine ndemwe. Pa zimenezo mundikhululukire. Koma izi ayi."

Mai Rose ananyamuka osatsanzika. Eliness analowa kuchipinda n'kulira kwa nthawi yaitali, chifukwa ankadziwa kuti zaka zinayi zija zapita m'madzi, ndiponso kuti wabweza mnzake wamasiye chimanjamanja. Ine ndinakhala pakhonde, manyazi atandigwira chifukwa cha kuseka kwanga konse.

M'mawa mwake ndinadzuka iye palibe. Mayi wogulitsa masamba pamsewu anandilozera kutchalitchi. Ndinakumana ndi Fata pakhomo, atanyamula kapepala. Anali ndi mayina ena anayi, anatero, a nkhalamba za ku Chegutu ndi ku Turf zimene zinamva kuti tsopano kulapa m'Chichewa kukutheka.

"Ali m'katimo," anandinong'oneza. "Ola lachiwiri lino."

Ndinasuzumira. Tchalitchi chinali chopanda anthu. Eliness anali atagwada kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi kanyali kofiira ka pa tabernakulo. Mawu sankamveka, koma milomo inkathamanga ngati makina osokera. Manja ankaponya uku ndi uku, mutu akupukusa, nthawi zina n'kumenya m'manja monga amachitira nkhani ikafika pokoma.

Ndinayandikira mwakachetechete. "Mai Tapuwa, ukutani?"

Anacheuka, nkhope ili yowala ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Ndikuwauza Ambuye Yesu," anatero. "Iwowa analipo tsiku lija, anamva okha, ndiye sindikuulula kanthu. Ndipo samandidula pakamwa ngati inu. Kadikireni panja, sindinafike n'pakati pomwe."