Amalume a Basil ndi Makutu a M'foni

Amalume anga a Basil anagwirapo ntchito ya ulonda ku Joni zaka khumi ndi ziwiri, pa sitolo ina yaikulu. Ankakhala m'kachipinda kodzaza ma TV n'kumaonera anthu akugula zinthu. Amati munthu akangokanda pamphuno, iwo ankaona. Ndiye chibwerereni kuno ku Yofu, palibe amene angawatsutse kuti dziko lonseli lilinso ndi chipinda chake.

"Chiliko, ku Ulaya," amatero. "Pa chitupa cha unzika anatijambula zala. Ndalama atilowetsera m'foni. Katemera atilowetsera m'thupi. Zingwe zitatu, wogwira mmodzi. Tsiku lina adzangodina batani, tonse thii, ngati magetsi."

Ine ndine Annette, ndili Sitandade 8. Ndimakhala ndi amalumewa ndi akazi awo, anti Keziah, chifukwa amayi anga nawonso ali ku Joni, chaka chachitatu chino. Foni ya pakhomo pano ndi imodzi, anatumiza ndi iwowo. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi timakwera pamwala wa kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira bwino, amayi n'kuimba ya vidiyo. Nkhope yawo ndimaionera pamenepo basi.

Tsono amalume anali ndi umboni woti foniyi ili ndi makutu. Chilichonse chimene anena m'nyumba, mawa lake chimapezeka pamsika wa ku Chipyela. Za mankhwala akuda amene anti amawapaka mu imvi, zinafika. Anthu anayamba kuwapatsa moni kuti "Wawa, mnyamata!" Zoti akufuna kudzapikisana nawo pa ukulu wa mpingo, zinafika iwo asanauze ngakhale abambo mfumu.

Ndinene pompano, makutuwo ndi ine. Koma musandiweruze msanga. Ine ndimauza munthu mmodzi yekha, mnzanga Nomsa, panjira ya kusukulu. Nomsa nayenso amauza munthu mmodzi yekha, mayi ake. Kungoti mayi akewo amagulitsa tomato pakhomo penipeni polowera mumsika.

Lachiwiri lina m'mawa ndikusesa pakhonde, ndinamva amalume akuyankhula mokweza m'nyumba. "Keziah, ndagula ng'ombe ziwiri za mkaka ku Cobue, kutsidya kwa nyanja. Zibwera pa boti. Usauze munthu!" Sindinaone kuti anali atawerama, pakamwa pali pafoni. Ng'ombe ziwiri! Pa boti! Tsache ndinangolisiya pomwepo, ulendo kwa Nomsa.

Dzuwa lisanapendeke, a Wilfred a ku Mbungo anafika, botolo lotsuka bwino lili m'manja.

"Achimwene, zikafika ng'ombezo musatiiwale. Ana anga mkaka amangouona pa chithunzi."

Amalume anayang'ana botolo, n'kuyang'ana foni. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wapambana mpikisano koma mphoto yake ndi njoka.

"Keziah! Ng'ombe kulibe! Ndinauza foni yokha!" Anaitola ndi zala ziwiri. "Loweruka ndipita nayo pakati pa nyanja. Ndikaimangirira mwala."

Amayi akadzaimba Lamulungu, adzayankha ndi usipa?

Lachitatu ndinalimba mtima. Ndinawapeza amalume akusoka ukonde pansi pa mlambe, anti ali pambali akusenda chinangwa. Ndinagwada bwinobwino.

"Amalume, foni ilibe mlandu. Nkhani zonse zija ndimatulutsa ndi ine. Za ng'ombe, za mpingo. Ndi za imvi zomwe."

Ndinkayembekeza kamtengo. Koma iwo anaseka mpaka kukhosomola.

"Iwe? Ine munthu amene ndinalondera sitolo ya zitseko makumi awiri, andizonde mwana wa Sitandade 8?"

"Zoona amalume, funsani Nomsa."

"Waona Keziah? Afika pophunzitsa ana zoyankha. Mwanawe, ndani wakutuma?"

Ndinayamba kulira, chifukwa sindinkadziwa kuti kuulula tchimo kumafunanso mboni. Anti anaika mpeni pansi, n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Bambo a Sammy, foniyo anagula ndi alongo anu, si yanu yoti mukadyetse nsomba. Paja munanena nokha kuti mafunde a anthu amenewo saboola chitsulo? Iikeni m'chitini cha bisiketi chija mpaka Lamulungu. Ikatuluka nkhani ina, kaiponyeni. Ikapanda kutuluka, izikhala momwemo, tiziitulutsa nthawi yoimba yokha."

Amalume anaganiza, n'kuvomera kuti nzeru imeneyi anali nayo kale. Anti anatolanso mpeni, n'kundiyang'ana. Uthenga wa m'maso mwawo ndinaumva wonse.

Masiku anayi. Inu simungamvetse. Lachinayi Nomsa anandifunsa kuti kwathu kuli zotani, ine ndinati kulibe. Ndinadzaza malambe m'kamwa njira yonse kuti lilime likhale ndi ntchito ina.

Koma Satana amadziwa nthawi. Lachisanu masana alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo ndi katemera wa kolera, wakumwa uja. Amalume atangoona kabokosi kabuluu kakubwera m'njira, anazemba n'kukalowa m'khola la mbuzi. Anaiwala kuti tonde wathu tsikulo sanatuluke, anali womangidwa chifukwa chodya mbatata za eni ake. Tinangomva phu! Kenako phu wachiwiri. Chitseko cha khola chinatseguka ndi mphamvu, amalume n'kutulukira chokwawa, manyi a mbuzi ali m'tsitsi lakuda bii lija, mpaka pamapazi pa mlangizi.

Mlangiziyo anali a Sofiya, atsikana ndithu, aulemu kwambiri. Anangoti, "Mwaswera bwanji bambo?"

"Ndiye mwawapeza," anatero anti. "Bambo a Sammy, yasamani."

Kuthawanso pamaso pa mtsikana kunali kovuta. Anamwa, nkhope ili tsinya. Atameza anati amwa dala, kuti amudziwe mdani m'kati mwake.

Ambuye! Nkhani ngati imeneyi imabwera kamodzi pa moyo wa munthu. Miyendo inkafuna kuthamangira kwa Nomsa yokha. Kenako ndinakumbukira kuti si ine ndekha ndaona. Ndinawathamangira a Sofiya, n'kuwapeza pa mjigo.

"Asisi, chonde, zimene mwaonazi musauze munthu. Ngakhale mmodzi. Mmodziyo ndi amene amaononga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Si iwe Annette, wailesi ya ku Yofu? Lero ukupempha anthu kusunga chinsinsi?" Anaseka, koma analonjeza. Anati ntchito yawo salola kuulula za anthu, ngakhale ogundidwa ndi mbuzi.

Madzulo ake Nomsa anabwera yekha kunyumba, ngati wanunkhiza.

"Amalume ako akuyenda chopendekera bwanji?"

"Nyamakazi."

"Nyamakazi ya dzulo ndi lero? Annette, ndine mnzako kapena ayi?"

Nkhani inafika apa, pakhosi. Ndinaimva ikugogoda kuseri kwa mano. Ndinaponyamo malambe ena awiri. Nomsa anati ndayamba kunyada, ndipo anapita ndi mandasi amene anandibweretsera.

Loweruka amalume anavala jekete, n'kupita ku Chipyela chopendekera chomwecho. Anazungulira msika katatu, anakhala pa benchi ya otchova bawo, anaima dala pa tomato wa mayi a Nomsa. Palibe anatchula mbuzi. Anabwera akuimba mluzu.

"Ndawatseka makutu! Panopa ku Ulaya akungomenya ma TV awo, akuona ngati afa."

Lamulungu titabwera kutchalitchi, anatsegula chitini okha. Tinakwera pamwala, iwo ali pambali panga, chivindikiro chili m'manja. Foni inalira. Amayi anaonekera atavala duku yatsopano, akumwetulira, ndipo ine ndinangotsala pang'ono kupsompsona galasi.

"Annette mwana wanga! Sabata yonse ndimadikira iwe. Tandiuza za kumeneko, usasiye kalikonse."

Ndinayang'ana amayi. Ndinayang'ana chivindikiro. M'kholamo tonde analira.

"Kulibe nkhani, amayi. Tonse tili bwino."

Amayi anasiya kumwetulira. Kenako anayandikitsa nkhope.

"Achimwene, mwanayu mwamutani? Akudwala?"

"Ayi chemwali, wachenjera," anatero amalume monyadira. "M'nyumba muno amene wandimvetsa ndi yekhayu."

"Tamuyandikitseni kuno. Annette, tulutsa lilime ndione."

Ndinatulutsa.